Mkamwini ndi Mbande za Manachesi

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinakhala ndi akazi anga m'mudzi wa kwawo, kumtunda kwa Ligowe, ndipo m'zaka zonsezo sindinadzalepo mtengo ngakhale umodzi. Maenje ndinkakumba ndine, manyowa ndinkatuta ndine. Koma ikafika nthawi yoika mbande m'dzenje, ndinkaima pambali khasu lili paphewa, akazi anga n'kugwada, n'kuika mbandeyo, n'kukwirira ndi manja awo. Ndi mmene zimakhalira kuno. Mwamuna wokwatira m'mudzi wa eni ndi mkamwini. Amalima, amamanga nyumba, amalera ana, koma mwambo sumulola kudzala mtengo, chifukwa wodzala mtengo amakhala ngati akunena kuti nthaka ndi yake. Ine sindinkaonapo vuto. Akazi anga ankangondikankha ndi chigongono, amvekere, "Sunthani apo alendo, eni munda afika." Tonse n'kuseka.

Anamwalira mu Meyi, manachesi atangoyamba kupsa. Anadwala masabata atatu okha. Kuseri kwa nyumba anasiya mbande makumi anayi m'machubu, zimene anamezanitsa okha: pansi tsinde la mandimu, pamwamba nthambi ya manachesi, pakati atamanga ndi tizingwe tong'amba ku mapepala a shuga. Ankafuna kudzazidzala mvula ikagwa, m'munda wa kumunsi mmene mitengo yakale inauma.

Patapita miyezi itatu, abale awo anandisudzula. Anayankhula ndi alamu anga, mlongo wamkulu wa malemuwo, amene ndiwo eni mbumba. Tinakhala pabwalo la nyumba yanga yomwe.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, palibe chokudandaulani," anatero. "Lero takumasulani. Khirisimasi mudye nafe, koma chaka chatsopano chikakupezeni kwanu. Mukayambe moyo wina. Simunakalambe kwenikweni, mwina mukapezako wina wokufunditsirani madzi osamba."

Anthu anaseka pang'ono. Ine ndinaomba m'manja ndi kunena kuti zikomo, monga mmene munthu amayenera kuchitira.

Sindinawaone ngati munthu woipa, ndipo mpaka lero sindiwaona choncho. Ana a alongo awo ena ndi ambiri, onse akufuna polima, ndipo minda ya m'mapiri muno sikula. Mwana wanga wamkazi, amene mundawu ndi wake kudzera mwa mayi ake, amachita geni ku Zalewa ndi mwamuna wake, khasu analisiya kalekale. Alamu akayang'ana munda ndi nyumba, ankangoonapo mlendo mmodzi wa imvi amene ntchito yake yatha.

Mu Okutobala ndinapita kukaona kwathu, kufupi ndi Matope. Dzuwa la kumeneko ndinali nditaliiwala. Pamene panali nyumba ya makolo anga ndinapeza khola la mbuzi. Ana a mlongo wanga anandilandira bwino, sindinganame. Ananditulutsira mpando, anagwada pondipatsa moni, anandiphera nkhuku. Ndikudya nkhukuyo ndinazindikira kuti ulemu wonsewu ndi wochitira mlendo. Tsiku lachiwiri mdzukulu wina wamkazi, akuchotsa mbale, anafunsa mosaganizira n'komwe, "Agogo, kwanu mubwerera liti?" Mayi ake anamukalipira. Ine ndinati musiyeni mwanayo, wafunsa bwino.

Ndinagonako masiku atatu, mtima uli pa mbande. Nditabwerako ndinapeza zitatu zitauma.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndinkapempha Mulungu kuti andipatse mtima wochoka mwamtendere. Sindinkafuna mkangano pa maliro a akazi anga. Ndinalonga zovala m'thumba la feteleza, n'kuliika kuseri kwa chitseko, kuti mwina ndikamaliona mtima ukhoza kuzolowera. Koma ndikati ameni, miyendo inkanditengera kuseri kwa nyumba kukathirira mbande. Mizu inayamba kuboola machubu n'kulowa pansi.

Khirisimasi itayandikira mwana wanga anaimba foni.

"Bambo, bwerani kuno ku Zalewa. Chipinda chilipo. Muzingokhala pakhonde n'kumawerenga magalimoto."

"Ndiziwerenga magalimoto manja ndili nawo?"

"Ndiye ndiwauze amalume kuti munda ndi wanga, ndipo inu ndakuikani kuti muzindilondera. Sangakane."

Ankafuna kundithandiza, ndipo njirayo ikanatheka. Koma mawu akewo anandibaya kuposa a alamu.

"Mwana wanga, njerwa za nyumba iyi ndinaumba ndine. Sindingakhalemo ngati mlonda."

"Nanga mutani, bambo?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndipo zinali zoona.

Tsiku loyamba la chaka tinali ndi mapemphero a m'mawa. Amene analalikira anatiuza kuti munthu asalowe m'chaka chatsopano atasenza zakale. Ndinaona amayi ena akundicheukira mwachifundo, poti mudzi wonse unkadziwa kuti tsiku langa lakwana. Ndinadzifunsa kuti zakale zanga n'ziti. Akazi anga? Nyumba? Ayi. Chakale chimene ndinachisenza zaka zonsezi chinali kuima pambali.

Mvula inali itagwa dzulo lake, nthaka ili yofewa. Nditafika kunyumba ndinavula jekete, ndinakweza machubu pa wilibala, ulendo wa kumunsi. Ndinakumba dzenje loyamba, ndinathiramo manyowa. Kenaka ndinaika khasu paphewa n'kusunthira pambali. Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu, ndisanazindikire kuti ndikudikira munthu amene sabweranso.

Ndinagwada. Ndinang'amba chubu monga ndinkaonera iwo akuchitira, ndinaika mbande, ndinakwirira ndi manja, pomezanitsa paja ndinasiya pamtunda kuti dothi lisafikepo.

Ndili pa dzenje lakhumi ndi chiwiri, ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga. Anali alamu, akadali m'zovala za kutchalitchi.

"Chaka chabwino, alamu," ndinatero.

"Nanunso. Ine ndimati ndidzakuthandizeni kunyamula katundu mpaka pamsewu. Kodi mukuchita chiyani?"

"Ndikudzala manachesi."

"Maso ndili nawo. Ndikufunsa kuti mukudzala ngati ndani?"

"Ngati munthu wa pano."

Anaseka, koma kosakondwa. "Eti! Chaka chatsopano chabweradi ndi zatsopano. Wa pano ndi amene mchombo wake unakwiriridwa pano."

"Wanga uli ku Matope, ndipo chiswe chinadya kalekale. Ndinapitako, alamu. Anandiphera nkhuku n'kundifunsa kuti ndibwerera liti. Pano pali akazi anga. Pali ana anga awiri amene tinawaika ali makanda, ndipo mabokosi awo munanyamula nawo ndinu."

"Mwambo simukuudziwa?"

"Ndausunga zaka makumi atatu ndi zinayi. Munayamba mwandimvapo ndikukweza mawu pabwalo lanu? Nthaka si yanga, sindikuilanda. Munda wa chimanga wa kumtunda uja apatseni ana a alongo anu, mwana wanga ndamufunsa, walola. Mitengoyi idzakhala yake. Koma ine sindichoka."

Mawu atatu omalizawo ndinali ndisanawanenepo, ngakhale m'pemphero.

"Nanga ndikazula?" anafunsa alamu.

"Zulani. Khasu ili apa. Sindikugwirani dzanja, ndipo sinditukwana. Mawa ndidzadzalanso."

Anaweramira mbande imene ndinali nditangodzala, naigwira patsinde. Ndinangoyang'ana. Chala chawo chinakhudza kachingwe ka pepala la shuga kaja. Akazi anga ankamanga mfundo mwa njira yawoyawo, kuzunguliza kawiri n'kusiya kamchira katali, mmene ankamangiranso matumba a ufa ndi mitolo ya nkhuni. Aliyense wa m'banjamo ankaidziwa mfundo imeneyo.

"Izi anamezanitsa ndi iyeyu?" anafunsa, osandiyang'ana.

"Zonse. Mu Malichi, asanagone."

Kenaka anadzuka, napukuta dzanja pa buluku.

"Nkhaniyi sinathe, alamu."

"Ndikudziwa. Mukaitana akuluakulu ndibwera, nditavala jekete. Koma ndidzachokera m'nyumba iyi, ndipo ndidzabwerera m'nyumba yomweyi."

Anapita osatsanzika. Ine ndinakumba dzenje lakhumi ndi chitatu. Mbande zonse makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri ndinamaliza tsiku lotsatira, msana ukuwawa. Nditalowa m'nyumba ndinatenga thumba lija kuseri kwa chitseko, zovala ndinabwezera pachingwe, thumbalo ndinathiramo manyowa.

Akuluakulu a banja anakhala pansi kawiri. Ena anati ndanyoza mudzi, ena anati munthu wokalambira pano angapite kuti. Sanandilole, komanso sanandithamangitse. Munda wa kumtunda anagawana. Alamu anasiya kukhala pakhonde panga. Moni amaponyera ali panjira, ine n'kuyankha. Pali amayi ena amene mpaka lero akandiona kumunsi amagwedeza mutu. Sindiwaimba mlandu. Nanenso nditamva kale za mkamwini wochita zotere, mwina ndikanagwedeza mutu.

Papita zaka zitatu. Mitengo isanu inafa ndi chiswe, yotsalayo yandipitirira msinkhu. Chaka chino yabereka koyamba, zipatso zochepa koma zotsekemera. Zoyamba kupsa ndinaika m'mbale ya akazi anga, ndinapita nazo ndekha kwa alamu, ndinasiya pakhomo. Mawa lake mbale ndinaipeza pakhonde panga, yotsukidwa, yopanda kanthu. Mawu panalibe, ndipo sindinawafunse.

Kuseri kwa nyumba kuli machubu asanu atsopano. Mbandezo ndamezanitsa ndekha, mfundo zake n'zoipa kuona, koma zagwira. Tsiku loyamba la Januwale, tikaweruka kutchalitchi, ndikazidzala mmene munafa mitengo isanu ija.