Dziwe Lobatizira ku Mpingwe

A Gervazio Nyathando anachoka ku Nsanje mu 1996 kudzalondera nyumba ina ku Namiwawa. Kumpingo kwawo ku Mpingwe anali dikoni, ndipo ntchito yawo inali yokonza dziwe lobatizira m'dambo la kuseri kwa phiri. Munthu wokulira mu Shire, madzi sankawaopa. Ankayamba ndi iwo kulowa, kutola mabotolo, kuyeza kuya ndi ndodo.

Zaka zikupita, nyumba zinakwera phiri, magalaja anachuluka m'mbali mwa msewu, ndipo ngalande zonse zinkathira m'dambomo.

Loweruka lina, mvula yoyamba itagwa, anapeza dziwe lada bii, pamwamba pakunyezimira oyilo. Achule anali atayandama chagada, mimba zili mbee. Mawa lake anthu asanu ndi awiri ankayenera kubatizidwa, mmodzi mwa iwo Mildred, mkazi wa mwana wawo, yemwe anali woyembekezera.

Anathamangira kwa abusa. "Abusa, madzi aja afa. Tisalowetsemo anthu."

Abusa anaseka. "Adikoni, inu a ku Nsanje mwayamba kuopa madzi? Anthu aitana kale abale awo."

Chifukwa cha ulemu, a Gervazio anangobwerera kwawo.

Lamlungu analowa m'dziwemo, kwaya ikuimba kumtunda. Madzi anawayabwa miyendo ngati chitedze. Woyamba kumizidwa anali a Laban, bambo wachikulire, amene anavuuka akutsokomola, akutikita maso. Abusa anakodola wotsatira. Anali Mildred, atavala zoyera, dzanja lili pamimba. Phazi lake litangokhudza matope, a Gervazio anakuwa:

"Apongozi, musalowe! Bwererani!"

Nyimbo inaduka. Anthu anayang'anana, abusa n'kutuluka m'madzi.

Maso a a Laban anatupa sabata yonse, mpaka anakagonekedwa kuchipatala. Ngakhale zinali choncho, ena ankati adikoni achititsa manyazi mpingo pamaso pa alendo, ndipo abusa anakhala mwezi osawapatsa moni. Mildred anadzabatizidwa atachira kale, m'thanki ya madzi apampopi kuseri kwa tchalitchi.

Miyendo ya a Gervazio inasupuka, n'kutsala ndi mawanga. Tsopano mitambo ikangoda, amatsikira kudambo kukachenjeza amayi otunga madzi pazitsime za kumunsi. Ena amamva. Ena amawayankha kuti, "Nanga tikatunge kuti, bambo?" n'kumiza ndowa zawo, iwo ataima pomwepo.