Khoma limene anasiyira mvula

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri, yamphepo, yochokera kunyanja. Ine ndinaima pakhonde, mwana wanga Asiyatu ali kumsana, maso pa khoma limodzi basi. Abale anga, silinagwe!

Ndikunena nyumba yakale ya kuchimuna kwanga kuno ku Nkhotakota, yomwe anamanga makolo nthawi ya amalonda a ngalawa. Kunenepa kwa khoma lake n'kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Mazenera ndi ang'onoang'ono, a m'mwamba. Chitseko n'cholemera, chosemedwa maluwa ndi nsomba, ndipo kutsogolo kuli baraza, mpando wautali wadothi wokhalapo alendo. Mu Okutobala ana akamalira ndi kutentha m'nyumba zathu zamalata, timakawagoneka mmenemo.

Aboma anati nyumbayi ndi yosunga mbiri, isagwetsedwe. Koma udzu wapadenga unawola, ndipo khoma loyang'ana kunyanja linachita mng'alu woti dzanja n'kulowa.

Alamu anga a Saidi ankafuna amangepo okala. "Kugwetsa atiletsa," anatero akuseka, "koma mvula angaitsekere m'chitokosi? Isiyeni, alamu, igwe yokha."

"Nanga ana tizikawagoneka mu okala yanuyo?"

"Si ya boma? Abwere adzamate abomawo."

Mawu amenewa si a Saidi okha ayi. Mjigo ukathyoka, aboma. Zenera la pasukulu likasweka, aboma. Kodi ndi boma limene limagonekamo ana?

Sindinakangane nawo. Ndinapita kuofesi kukafunsa ngati kumata n'kololedwa. Anati inde, bola dothi, osati simenti, poti simenti imatsekera chinyezi mkati. Ndiye ndinayamba. Ndikachoka kotunga madzi, ndowa ya dothi la pachulu pamutu. Kumata pang'ono, kudikira liume, kumatanso. Khoma lotere silifuna phuma, lili ngati kuphunzitsa mwana kuyenda.

Amayi anzanga amene ana awo amagonamo ataona, anabwera ndi ndowa zawo. Bambo ake a Asiyatu manyazi anawagwira, anakwera n'kufolera udzu watsopano. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono Lachiwiri lija, mukudziwa amene anathamangira pabaraza kudzausa mvula, malaya ali nyowe, njinga ili m'manja? A Saidi! Anagogoda khoma ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Alamu, mutu wanu ngouma kuposa khomali."

Ine ndinangowayalira mkeka pouma.

Nanga inu kwanuko, n'chiyani chimene mwachisiyira mvula?