Beseni la madeya m'khola la Dona

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaona hatchi ikufa koyamba. Ndaona zinanso kuno ku Dubai, komwe ndakalambira m'makola a mahatchi ampikisano, koma imene imandibwererabe ndikakhala m'basi ya kampani kuchokera ku Al Quoz ndi ya ku Thyolo ija.

Abambo anga ankasamalira mahatchi pa esiteti ina ya tiyi. Mwa onsewo bwana ankanyadira kwambiri hatchi yaikazi yofiirira imene kukomboni tinkaitcha Dona, chifukwa madzi akangogwera kachitsotso inkawakana. Chaka chimenecho bwana anaitumiza kutali pa lole kuti ikakweredwe ndi yaimuna ya miyendo yolimba, ndipo inabwerako ili ndi bere. Udzu wouma abambo ankaipatsa tsiku lonse, koma chakudya cha m'thumba ankachita kuyeza ndi kachitini, n'kuchinyowetsa kaye.

Kenako unabwera uthenga wakuti azakhali atisiya ku Luchenza. Khola abambo anasiyira a Maganga, amene ankaweta ng'ombe zamkaka pa esitetipo, munthu wa imvi yemwe anayamba ntchito abambo asanamere ndevu. Ndinalipo pamene ankawapatsa makiyi. Abambo anavula chipewa, anawerama pang'ono, n'kungonena kuti za ziweto iwo sangaphunzitse munthu wamkulu. A Maganga anati tipite tikalire maliro mtima uli m'malo.

Tinabwerako masana ena, maliro atatha. Tisanafike n'komwe tinamva ziboda zikumenya matabwa. Dona inali itanyowa ndi thukuta, ikupalasa pansi, ikucheukira mimba yake ngati muli chinthu chikuiluma. Pakona panali beseni lalikulu lochapira, madeya ouma atangotsala pansi. A Maganga anafotokoza kuti ataona kachitini kaja anagwidwa chisoni. Chiweto cha bere chidye zochepa choncho, m'mimbamo muli pakamwa pena? Ng'ombe zawo zikakhala ndi bere ankazidzazira beseni. Anaonjezanso kapinga wauwisi wotchetchedwa pabwalo la bwana, amene anali atayamba kale kutentha pamulu.

 Abambo anandipatsa chingwe.

"Yenda nayo. Ikafuna kugona, koka. Usailole igubuduzike."

Mthenga anapalasa njinga kukaitana dokotala wa ziweto kuboma, ife n'kumazungulira bwalo m'fumbi, ntchentche zikutitsatira, fungo lowawasa la thukuta lili m'mphuno. Abambo ankalankhula ngati akudziuza okha, kuti ng'ombe imabzikula koma hatchi siibzikula, siisanzanso; chimene chalowa chilibe kobwerera. Apo ndi apo ankaika khutu pamimba pake. Mimba ya hatchi yathanzi imalira nthawi zonse. Iyi inali zii.

Chingwe chinandisupula m'manja. Dzuwa litapendeka maondo a Dona anapindika. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, abambo akukankha paphewa, a Maganga akuikupiza ndi chipewa kumbuyo uku akuipepesa ngati munthu. Inadzuka, inayenda pang'ono, n'kugwanso. Dokotala atafika anaipima, anapukusa mutu, n'kupita kukalankhula ndi bwana. Kulira kwa mfuti ndinakumvera kuseri kwa shedi, nditatseka makutu.

Bwana anafunsa amene anadyetsa hatchiyo. A Maganga asanatsegule pakamwa, abambo anati khola ndi lawo, ndipo iwo ndi amene anachoka osasiya malangizo. Kalata yowachotsa ntchito ndili nayo mpaka lero pamodzi ndi mapepala anga onse, ndipo pamene analemba kuti ananyalanyaza ntchito pamandikwiyitsabe. Abambo anga sananyalanyazepo ngakhale msomali wa chitseko.

Tikumanga katundu kuti tituluke m'nyumba ya esiteti, ndinatchula a Maganga kuti nkhalamba yopusa. Abambo anandikoka khutu mpaka misozi inatuluka.

"Iwo anadyetsa mmene amadziwira. Wodziwa za kachitini ndinali ine. Ndinachita manyazi kuuza munthu wamkulu, ndiye waona pamene manyaziwo atifikitsa."

Kuno mahatchi amagona m'makola oziziritsidwa ndi makina, bwino kuposa mmene timagonera ife. Koma ana athu amafika atalonjezedwa ntchito ya kuhotela, n'kupezeka apatsidwa fosholo ndi ndowa popanda wowauza kanthu, ndipo nawonso amachita manyazi kufunsa. Ndiye ine ndimauza aliyense. Ndimabwereza muyezo wa chakudya. Ndimati akhudze ziboda ngati zatentha, ayang'ane ndowe, aone mmene madzi atsikira m'ndowa, chifukwa kutentha kwa kuno sikukhululuka. Ndimalemba papepala n'kumata pachitseko, pepala lina n'kusunga. Mnyamata wina wa ku Chipata amangoti, "Khalasi, basi madala, tamva kale," anzake n'kumaseka kuti ndine m'busa wopanda mpingo. Posachedwa ndinalangiza mkulu wina wa ku Pakistan wondiposa zaka, ndipo mpaka pano sakuyankha moni wanga.

Zimandiwawa, chifukwa nanenso ndinaleredwa kutsitsa maso pamaso pa imvi. Koma tsopano ndimadziwa kuti ulemu wokhala chete umapeputsa mwini wake yekha. Umamupulumutsa ku kamphindi ka manyazi, katundu yense n'kumusenzetsa mnzake amene sakudziwa, ndi chiweto chimene sichingafunse.

Abambo anga anali munthu waulemu kuposa aliyense amene ndakumana naye. Anakalamba akuthyola tiyi paganyu m'minda ya eni, ndipo anamwalira osagwiranso chingwe cha hatchi.