Nthochi ya Amayi ndi Chisanu cha ku Kaumbwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinasamuka ku Nyimba kupita ku Kaumbwe, m'zaka zija za Chitaganya. Amayi anali atangomwalira kumene, ndipo atate, omwe anali telala, anati sangathenso kukhala m'nyumba ija. Ena ananyamula mphasa ndi mipika. Ine ndinakwera lole nditakumbatira mphukira ya nthochi yomwe ndinakumba pa phata limene amayi anabzala kuseri kwa khitchini. Zovala zawo achibale anali atagawana pamaliro, choncho changa chinali chokhachi.

Ku Nyimba n'kotentha, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti nthochi imakonda madzi. Sindinafunse munthu. Ndinatsikira kumunsi kwenikweni kwa dambo, n'kuibzala pamenepo, n'kuizunguliza ndi mapapaya. Ndinkafuna malo a masamba akuluakulu ndi mthunzi wandiweyani, kuti ndikakhala pansi ndizimva ngati ndili kwathu.

Amai Tembo, omwe dimba lawo linagundana ndi lathu, anandiyang'ana ali chigwirire khasu.

"Mwana wangu, apo pamagona mphepo," anatero.

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinati, anthu akuno angandiuze chiyani za nthochi, iwo amene amachita kugula zathu pamsewu? Matama ndinali nawo, sindikana.

Dzinja lonse mbewu zanga zinakondwa, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Koma m'mawa wina mwezi wa Juni ndinatsika ndi ndowa n'kupeza udzu uli mbuu ngati wawazidwa ufa, ukuluma kumapazi. Dzuwa litakwera, masamba a nthochi anada bii n'kulendewera ngati nsanza zonyowa. Mapapaya anangoti lobodo. Ndinakhala pansi n'kulira kwambiri, pakuti ndinaona ngati amayi andisiyanso, ndipo ulendo uno wolakwa ndinali ine.

Mawa lake ndinabwera ndi chikwanje kuti ndidule zonse, ndisazionenso. Amai Tembo anandigwira dzanja.

"Usadule. Masamba akufawa ndiye bulangeti yake. Fukula pansi, ugwile tsinde."

Ndinafukula ndi zala. Tsinde linali lolimba, ndipo pambali pake panali kamphukira kosongoka ngati nyanga ya mwana wa mbuzi.

"Ili moyo iyi," anatero mayiwo. "Misozi ya mailo unataya chabe." Mailo ndiye dzulo m'kayankhulidwe kawo.

Ndinapuma mpweya wautali. Ndinaseka mamina ali chuchuchu, iwonso n'kumandiseka.

Kenaka anati, "Mphepo iyenda monga madzi, itsika n'kugona m'dambo. Lomba yang'ana, n'chiyani chikali chobiliwila muno?"

Ndinamwaza maso. Kanjedza anali chiimire, nsungwi zikugwedera ngati palibe chachitika, ndipo chakumtunda pang'ono magwafa ndi mabulosi awo anali bwinobwino. Zonsezi ndinkazidutsa tsiku ndi tsiku osaziwerengera.

Tinaunjikira udzu wouma patsinde paja. Mvula itagwa, tinakumba nthochi ija n'kuikweza pachulu cha kuseri kwa nyumba, kumene dzuwa la m'mawa limafika msanga. Kudambo ndinabzala nsungwi ndi kanjedza, ndipo patapita zaka zingapo panachita mthunzi woti mlendo wa ku Nyimba ankakhala pansi n'kuiwala kuti ali kuchilendo. Mkoko woyamba utapsa, atate anasenda imodzi, anatafuna nthawi yaitali, kenaka anati, "Kukoma kwake n'komwe kuja."

Tsopano ndakalamba, ndipo ndasamukapo kangapo. Ndinaphunzira kuti mbewu sasankha m'dzinja, pamene chilichonse chimabiriwira n'kukunamiza. Ndimadikira Juni, n'kupita kukaona zimene zaima m'dimba la mnansi, n'kumufunsa ngakhale nditaganiza kuti ndikudziwa kale. Ndipo chinthu chikaoneka ngati chafa, chikwanje chimadikira. Ndimayamba ndafukula pansi.