Mkulu wotsuka gogodela ku Govanhill

Aneba athu ku Govanhill, dera lomwe timakhala kunja kuno, bambo wachikulire wopuma pantchito, amakaombera mfuti ya gogodela ku kalabu ya oombera mfuti Loweruka lililonse. Amakonda kunena kuti wonga wotchipa umadzaza mwaye mumpope wa mfuti, pomwe wodula umasiya mwaye wochepa koma umabweretsa dzimbiri munthu akazengereza kutsuka. Iwo amagula wotchipawo, n'kutha maola awiri akutsuka mpope ndi madzi otentha.

Tsiku lina ndinawaseka. "Bambo, bwanji osagula wodulawo kuti muzipumako?"

Sanaseke. "Wonga ulibe mlandu, mwanangu. Ku Kasungu ndinatenga gogodela ya achimwene mobisa, n'kuibweza osatsuka. Atapita kukaombera nguluwe, mpope unawaphulikira kumaso. Tinawaika m'manda mawa lake. Mayi athu anamwalira asakudziwa kuti woitengayo ndinali ine."