Mwaponya galu wa mwana wanga m'dibi la ng'ombe

Inu a ku ofesi ya ziweto, mwandilakwira. Ine sindine munthu wa ndewu. Ndimapemphera, ndipo ndimayamika Boma pa jekeseni waulere. Koma zimene munachita Lachiwiri lapitali zandikanika kumeza.

Ndimakhala kufupi ndi Chalimbana. Mwana wanga Esinati sayenda, miyendo inapuwala ali wamng'ono. Mayi wina wachizungu amene ndinkamuchapira zovala, pobwerera kwawo, anamusiyira kagalu dzina lake Tiki. Kagaluka kalibe ubweya. Sikadwala ayi, mtundu wake ngotero, khungu see ngati la khanda. Ndimakasambitsa madzi ofunda, ndimakadzoza mafuta omwe timadzola ife, dzuwa likakula ndimakaika pamthunzi chifukwa kamapsa. Kuzizira kutayamba ndinadula mkono wa juzi yakale ya abambo ake a Esinati n'kukasokera kajuzi. Ana anzake akapita kusukulu, Esinati amatsala pamphasa ndi Tiki. Mnzake ndi yemweyo basi.

A tcheyamani a chipani analengeza kuti agalu onse akabayidwe jekeseni wa chiwewe, ndipo galu wopanda penti pamsana yosonyeza kuti wabayidwa adzaomberedwa. Ine ndinamvera. Ndinabereka Tiki m'chitenje, wapansi, mpaka kumene amabayira, pafupi ndi dibi la ng'ombe.

Mlangizi wa ziweto anayamba wafunsa khadi la chipani. Ndinamuonetsa. Nditamasula chitenje anaseka mpaka kugwira pamimba. Anaitana anzake kuti adzaone mbewa yowawula itavala juzi. Anafunsa ngati ndabwera kudzabayitsa kapena kudzagulitsa ndiwo. Ndinasekako pang'ono, poti ndinkafuna thandizo.

Kenaka anati ndi mphere, zamaliza ubweya wonse. Ndinamuuza mwaulemu kuti kanabadwa choncho, aone yekha ngati pali chilonda kapena nkhanambo. Kukakhudza komwe ayi. Anangoti, "Amai, imwe na ine, anaphunzira vinyama ni ndani?"

Ndiye anauza bambo wina woweta ng'ombe kuti akavule juzi, akaponye m'dibi. Ng'ombe zinali zitangotulukamo, madzi ali bii. Ndinagwada. Ndinati chonde bambo, mankhwala awo ndi a chikopa cha ng'ombe. Anakaponya. Kanamira, kanatumphuka, iwo n'kukamizanso ndi mtengo wamphanda uja amamizira mitu ya ng'ombe. Ndinakavuula ndi manja angawa.

Nanga jekeseni? Akuti galu wodwala sabayidwa, ndidzabwerenso ubweya ukamera. Ubweya uti? Umene Mulungu sanapereke mudzaumeretsa ndinu?

Pofika kunyumba khungu linali litafiira. M'mawa mwake matuza thupi lonse, kakusanza, kakunjenjemera. Esinati anakana phala. Anati, "Amama, munakamba kuti muyenda kumuteteza. Manje mwamuchita chani?" Amene anakabereka kupita nako kumeneko ndine.

Amayi anzanga a mumpingo, Mulungu awadalitse, anabwera kudzandithandiza kukatsuka, tinapempheranso pamodzi. Tsopano kayamba kunyambita phala. Koma matuza akuphulika, kajuzi sikangavalike, ndipo mphepo ya kuno mukuidziwa. Kamangogona pamiyendo pa Esinati, iye atakafunda ndi chitenje chofewa, osafuna kusuntha ngakhale msana ukumuwawa.

Lachisanu ndinapita ku ofesi kwanu ku Chongwe. Mlangizi uja kulibe, akuti ali ku Lusaka. Amene ndinamupeza anati mankhwala a jekeseni anatha. Anatinso anthu akulira ng'ombe zakufa, ine ndikubwera ndi nkhani ya kagalu kosathamangitsa ngakhale nkhuku.

Ng'ombe n'zofunika, ndikudziwa. Sindikupempha kuti munthu achotsedwe ntchito, nayenso ali ndi ana. M'pemphero ndamukhululukira, ngakhale mtima ukadali kuwawa. Koma ndiyankheni. Kodi munthu wophunzira za ziweto amaweruza matenda ali chiimire patali, manja ali m'thumba? Oombera aja akuti ali kale ku Nkomeshya, kuno afika sabata ya mawa. Tiki alibe penti pamsana. Sikuti ndinanyozera, munakana ndinu. Ndimubise m'nkhokwe ngati katundu wakuba, ine amene ndinamvera lamulo?

Tumizani munthu adzamubaye kuno kunyumba. Mukalephera, wobwera ndi mfutiyo asaimire kumsewu. Alowe pabwalo, amunyamule yekha pamiyendo pa mwana wanga, mwanayo akumuyang'ana m'maso. Ine sindidzamupereka.