Nkhata ya Atsikana a Mpira

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pa simenti. M'nyumba ya achemwali anga ku Chimwankhunda amayi anali atagona mothinana mozungulira bokosi, mawu atasasa ndi nyimbo za usiku wonse. Panja abambo ankaodzera pamoto. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitatsika m'phiri la Soche, kamvula kowaza kaja kolowa mpaka m'mafupa.

Achemwali ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Ginnery Corner, koma mtima wawo unali ku mpira. Ndi iwo anayambitsa timu ya atsikana pabwalo lafumbi kuseri kwa sukulu, zigoli zili miyala, ana akusewera osavala nsapato. Ankayenda khomo ndi khomo kupempha makolo, ena n'kumawatukwana kuti akuphunzitsa ana uhule. Yunifolomu yoyamba anakasankha okha pa kaunjika ku Limbe, malaya ofiira koma kufiira kwake kosiyanasiyana. Chaka chimene anamwaliracho timu ija inalowa mu ligi yaikulu, kampani ina n'kuyamba kulipira osewera pamwezi. Masewero oyamba anali Loweruka lotsatira. Achemwali sanawaone.

Kutangoyera, ndikusonkhezera moto, atsikana aja anafika. Anavala mathalauza a timu, ndipo awiri ananyamula nkhata yaikulu ya maluwa imene analuka okha. Malume, amene ndi mwinimbumba wathu, anandikodola.

"Kodi kuno ndi ku sitediyamu? Kawauze, pamaliro sitivala choncho."

Ndinapita ngati nkhuku yonyowa. Ndinatulutsa zitenje zonse za m'nyumba, iwo n'kulandira ndi manja awiri, osanyinyirika. Anazimanga pamwamba pa mathalauza n'kupita kuseri kumaphikiro. Abale inu, ana aja anagwira ntchito! Madzi anatunga iwo, nkhuni anawaza iwo, miphika ya nyemba anaipula iwo. Amayi amene m'mawa ankawayang'ana cham'mbali, pofika masana ankangowatuma.

Kapiteni wawo, mtsikana wamtali wa chipsera pachibwano, anandigwadira pafupi ndi moto. Anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti nthawi ya nkhata ikakwana, timu nayonso iitanidwe. Paja kumanda munthu saika nkhata asanaitanidwe. Woyendetsa mwambo amatchula gulu ndi gulu, ndipo amene sanatchulidwe amangoima ndi maluwa ake. Ndinamulonjeza. Nditakawauza malume, anangoti, "Tiona." Ife a pabanja timamudziwa "tiona" wa malume.

Anthu anachuluka mpaka kutseka msewu. Pofotokoza mbiri ya malemu, malume ananena za kubadwa, za ubatizo, za sukulu, za ku ofesi, mpaka za kwaya imene achemwali anaisiya kalekale. Za mpira sanatchule ngakhale liwu limodzi. Kwa iwo, mkazi wamkulu kumathamanga ndi wezulo pakamwa zinali zochititsa manyazi mtundu. Ndinaona anthu akuyang'anana, ine maso ali pansi.

Ponyamuka, malole awiri anadzaza msanga. Magalimoto a mabwana a ku Namiwawa anatseka magalasi n'kunyamuka mipando ya kumbuyo ilibe anthu. Atsikana aja anatsala pamsewu. Ndili pafupi ndi bokosi kumbuyo kwa galimoto, ndinawaona akukweza zitenje mpaka m'mawondo, n'kuyamba kuthamanga pambuyo pathu, nkhata akulandirana. Anathamanga m'matope, m'zitunda, akuyimba nyimbo ya mpingo mogwirizana ndi mapazi. Pa Ginnery Corner oitanira minibasi anavula zisoti, mmodzi n'kukuwa kuti, "Pitani bwino a kochi!" Tauni yonse inkadziwa amene tikukaika. Ife eni ake ndi amene tinkabisa.

Kumanda adzukulu atamaliza kukwirira, woyendetsa mwambo anayamba kuitana. Anaitana mayi athu, malume, ife achibale, a mpingo, a ku ofesi, a banki m'khonde, ngakhale oyandikana nawo nyumba. Atsikana anaima kumapeto kwa khamu, thukuta losakanikirana ndi mvula, nkhata ataikweza pang'ono kuti ioneke. Gulu lililonse likamabwerera, kapiteni ankandiyang'ana. Ndinali kufupi ndi woitanayo, kungotambasula dzanja ndikanamugwira jekete. Koma malume anaima kumanja kwanga, ndipo pakamwa panga panangoti gwa. Ine amene ndimakalipira makondakitala tsiku ndi tsiku! Woitana anati za nkhata zathera pamenepo, abusa apemphere.

Anthu atayamba kubalalika, kapiteni anabwera, nsapato zili matope okhaokha. Sanandifunse chilichonse, ndipo bola akanandikalipira.

"Anti, ife sitinaitanidwe, ndiye sitingaike. Inu ndinu a banja. Mutiikireko."

Ndinamuuza kuti anthu apita, akhoza kuika okha, palibe angawaletse. Anapukusa mutu.

"A kochi ankati wezulo isanalire, suthamanga. Loweruka tikasewera, Anti. Muwauze agogo, mayi awo a kochi, asadandaule, timu siifa."

Ndinaitenga nkhata ija. Inali yolemera, yonyowa, waya wake ukubaya. Ndinaiika ndekha kumiyendo kwa manda, chifukwa malo abwino onse anali atatha. Atsikana anaonerera ali patali, kenako anatembenuka n'kumapita wapansi.

Madzulo tenti inachotsedwa, mabenchi anabwerera ku tchalitchi. Pabwalo panatsala phulusa ndi fungo la utsi. M'nyumba munali zii, mayi atagona kuchipinda, mipando idakali panja. Malume anakhala pakhonde akumwa tiyi, ndipo anandiitana. Ndinagwada.

"Mwanawe, wagwira ntchito. Mwambo wayenda mwaulemu. Mchemwali wako tamuika popanda chochititsa manyazi."

Ndinafuna kuwauza kuti manyazi ngati a tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.  Koma ndinawomba m'manja, ndinati, "Zikomo malume," n'kutenga kapu yawo kukatsuka.